Mmisiri wa maloko amene anatikonzera chitseko cha uPVC ku Harehills: ndemanga yanga patatha miyezi 8

Ndadikira dala miyezi yonseyi ndisanalembe, chifukwa ntchito ya pachitseko kuno ku Leeds sungayiyamikire tsiku lomwe mmisiri wachoka. Ndimafuna ndione kaye ngati chitsekocho chipirire chisanu cha mu Febuluwale ndi kutentha kwa mu Julayi. Chapirira, ndiye tsopano ndifotokoze zonse, zokoma ndi zomwe sizinandisangalatse. Pa nyenyezi zisanu, abambo amenewa ndikuwapatsa zinayi.

Nyumba yathu, ku Harehills, dera la mumzinda wa Leeds ku England, ndi zija amati back-to-back. Kwa amene simunazionepo, ndi nyumba zakale za njerwa zofiira, zogundana m'mbali ndi kumbuyo komwe, moti khoma lathu lakumbuyo ndi khomanso la banja lina loyang'ana msewu wina. Ku Leeds kuno anazimangabe mpaka 1937. Khomo ndi limodzi basi, kulibe kotulukira kuseri. Chitseko chikakana, onse amene ali m'katimo ali m'ndende.

Chitseko chathu ndi cha pulasitiki wolimba uja wa uPVC, chokhala ndi galasi lophatikiza awiri. Loko wake si ngati wakwathu wa kampiringidzo kamodzi. M'mphepete mwa chitseko muli chitsulo chachitali kuyambira kumwamba mpaka pansi, ndipo ukakweza chogwirira m'mwamba, ngowe zimatuluka n'kukola mufelemu malo angapo nthawi imodzi, kenako ndiye umazunguliza kiyi. Kuyambira mu Novembala chogwiriracho chinayamba kulimba. Poyamba timangokweza mwamphamvu pang'ono. Pofika nyengo ya Khirisimasi timachita kukweza ndi manja awiri, wina atakoka chitseko. Bambo a kunyumba anapoperamo mafuta kawiri, chinafewa masiku atatu n'kuyambiranso. Ife tinakulira ku Zomba, kumene chitseko cha matabwa chikafufuma ndi mvula umangochikankha ndi phewa, chikapitiriza umaitana kalipentala adzapale pang'ono. Nzeru imeneyo ndi yomwe tinabwera nayo kuno, ndipo ndi imene inatiphera loko.

Lachiwiri lina mu Januwale ndikuchokera kuntchito ya usiku, kunyumba yosamalirako okalamba, ndinapeza ana akundiyang'anira pazenera atavala kale yunifolomu. Abambo awo anazunguliza kiyi, n'kutsitsa chogwirira, kenako anangomva kuti thyoo m'kati mwa chitseko. Kuchokera pamenepo chogwiriracho chimangoyenda chopanda kanthu, m'mwamba ndi pansi, ngowe zili chikolere. Iwo m'kati, ine panja, kukuzizira koopsa. Chimene chinandiopsa kwambiri si sukulu ya anawo ayi. Ndinaganiza za moto.

Nambala yoyamba imene ndinaimba ndinaipeza pamwamba penipeni pa intaneti, pa zotsatsa zija zolonjeza mtengo wotsika. Amene anayankha anali munthu wa muofesi, osati mmisiri. Sanandifunse n'komwe kuti chitsekocho n'chotani. Anangoti atumiza munthu adzaboole loko, ndipo nditafunsa mtengo wonse anati ukadziwika ntchito ikatha. Ndinakana. Pamenepa ndikufuna anzanga amene mwangofika kumene kuno mumvetse: ku Britain kulibe lamulo lokakamiza mmisiri wa maloko kukhala ndi chiphaso cha boma. Aliyense atha kugula zida n'kulemba dzina pagalimoto. Bungwe la Master Locksmiths Association ndi limene limayesa mamembala ake ndi kufufuza mbiri yawo ya milandu, koma kulowamo n'kufuna kwa mwini.

Mayi wina wa kumpingo kwathu ndiye ananditumizira nambala ya abambo amene ndikuwalemberawa. Ndinayang'ana pa tsamba la bungwe lija, dzina lawo linalipo. Pafoni anandifunsa mafunso amene anandikhazika mtima pansi nthawi yomweyo: kiyi akuzungulira? Chogwirira chikulimba kapena changolobodoka? Pali khomo lina? Nditawauza kuti palibe, anati asiya kaye ntchito ina abwere kwathu. Ananenanso mtengo wotsekulira chitseko, £95, asananyamuke. Anati afika pa ola limodzi, koma anafika patatha pafupifupi maola awiri, osaimba kuti achedwa. Kwa munthu amene sanagone usiku wonse, ataima pa chisanu, kuchedwa kumeneko n'kwakukulu, ndipo ndi chifukwa choyamba chimene ndachotsera nyenyezi imodzi.

Koma atayamba ntchito mkwiyo wanga unatha. Sanaboole paliponse. Anapempha bambo a kunyumba amasule chogwirira cha m'kati, iwo n'kulowetsa kathumba kopopa mpweya pakati pa chitseko ndi felemu kuti patseguke kampata, kenako ndi kachitsulo kopyapyala anabweza ngowe zija pang'onopang'ono. Zinatenga mphindi ngati 40. Chitseko chitatseguka, pa felemu panalibe mng'alu ngakhale umodzi, kupatula kachipsera kakang'ono pa labala wa m'mphepete, kamene anandionetsa okha ndisanakaone.

Apa ndiye pamene ndinaona kusiyana kwa mmisiri ndi wogulitsa. Chaka chathachi kunabwera munthu wina wotsatsa zitseko, amene atangogwira chogwirira chathu anati chitsekochi chatha, chatsopano ndi £1,600. Koma mmisiri wathuyu anasolola chitsulo chachitali chija, n'kuchigoneka pansi, n'kundilozera kabokosi ka pakati pomwe pamalowa chogwirira ndi kiyi. Amakatcha gearbox. M'kati mwake kachitsulo kamene kamagwira mtanda wa chogwirira kanali katasweka pawiri. Ndiye anandifunsa kuti, "Amayi, chogwirirachi chinayamba liti kulimba?" Nditawauza, anatseka chitseko chopanda loko n'kundionetsa kuti mbali ya kukiyi inali itatsika pang'ono, mamilimita ochepa chabe, chifukwa cha kulemera kwa galasi ndi zaka. Kutsika kumeneko kumachititsa kuti ngowe zisalunjike m'mabowo ake a mufelemu. Mphamvu yonse imene timakwezera chogwirira imathera pa kachitsulo kakang'ono kaja, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi iwiri. Anandiphunzitsa kayesedwe kosavuta kamene ndikanakonda ndikanakadziwa kale: tsekulani chitseko, kwezani chogwirira chitsekocho chili chotsekula. Chikakwera mofewa, loko ali bwino, vuto ndi kakhalidwe ka chitseko mufelemu, ndipo kukonza kwake ndi kungosintha mahinjesi. Chikalimba ngakhale chili chotsekula, ndiye kuti gearbox yayamba kufa. Tikanawaitana mu Novembala, ikanakhala ntchito ya theka la ola ndi Allen key.

Gearbox yofanana ndi yathu analibe m'galimoto. Anandifotokozera kuti mitundu yake ndi yambirimbiri, ndipo sizilowana. Anawerenga chizindikiro cha kampani chodindidwa pa chitsulo chachitali chija, n'kuyeza miyezo iwiri: kuchokera m'mphepete mwa chitseko kufika pakati pa bowo la chogwirira, 35mm, ndi kuchokera pakati pa chogwirira kufika pakati pa bowo la kiyi, 92mm. Anati miyezo imeneyi ndi yofala kwambiri pa zitseko za uPVC, koma zilipo zina za 70mm ndi 62mm, n'chifukwa chake anthu ambiri ogula okha chogwirira pa intaneti amalandira chosakwana. Tsikulo anatiikira loko wongoyembekezera kuti tigone chitseko chili chokiya, ndipo Lachinayi anabwera ndi gearbox yeniyeni. Anaiika, anakweza chitseko pa mahinjesi, anasunthanso tizitsulo ta mufelemu momwe mumakola ngowe. Atamaliza anaitana mwana wathu wa zaka 7 kuti akweze chogwirira. Anachikweza ndi dzanja limodzi. Ntchito imeneyi inali £130.

Nkhani ya silinda, ija mumalowa kiyi, anaiyambitsa ndi iwo, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti tsopano kugulitsa kwayamba. Koma anandiuza ndiime panja ndiyang'ane cham'mbali. Silinda yathu inali yotulukira kunja kwa chogwirira pafupifupi sentimita yathunthu, pamene siyenera kupitirira 3mm. Silinda zakale za mtundu wa euro n'zopyapyala pakati, pomwe pamalowa screw yozigwira, ndipo akuba amangogwira kotulukirako n'kuthyola. Kuno ku West Yorkshire kuba kotereku kwamveka kwa zaka zambiri. Anandionetsa silinda ziwiri, imodzi yotsika mtengo, ina yokhala ndi chizindikiro cha Kitemark, chosonyeza kuti inayesedwa ndi bungwe la miyezo la ku Britain, ndi nyenyezi zitatu za TS007, muyezo wa kulimba kwa maloko kwa akuba, yomwe inalinso ndi chiphaso china cha kulimba chotchedwa Sold Secure Diamond. Yachiwiriyi inapangidwa mwakuti wakuba akathyola, kamaduka ndi kansonga ka kunja kokha, loko n'kukhalabe wokiya. Ananenanso kuti nyenyezi zitatuzo mutha kuzipeza mwa njira ina, silinda ya nyenyezi imodzi pamodzi ndi chogwirira cholimba cha nyenyezi ziwiri. Sanandikakamize. Anati ndikafuna ndiganize kaye sabata yonse, mtengo sukwera.

Ndinasankha ya nyenyezi zitatu, £75 ndi makiyi atatu, ndipo ndinapempha yokhala ndi kotembenuza ndi chala mbali ya m'kati, kuti potuluka tisamafune kiyi. Ndi khomo limodzi lija, sindikufuna kuti usiku utsi utadzaza tiziyamba kusaka kiyi m'zikwama. Iwo anavomereza, koma anandichenjeza zinthu ziwiri: mwana wamng'ono atha kutsekula yekha, komanso munthu atha kulowetsa waya pabowo la makalata n'kukola. Anatiikira chophimba cha m'kati pabowolo popanda kuwonjezera ndalama. Chimene sanandiuze, ndipo ndi chifukwa chachiwiri cha nyenyezi yochotsedwa ija, n'chakuti makiyi a silinda zoterezi sungadulitse pa kashopu kalikonse. Amabwera ndi nambala yachinsinsi, ndipo kiyi wowonjezera ndi wokwera mtengo kuposa makiyi wamba. M'nyumba mwathu timafuna asanu. Ndikanadziwa, ndikanaitanitsa onse nthawi imodzi.

Popeza anali pomwepo, ndinawaonetsanso mazenera. La kuchipinda cha ana, chogwirira chake chimangozungulira, moti tinali titasiya kulitsekula kwa chaka. La kuchipinda kwathu kiyi wake anatayika kale tisanalowe m'nyumbayi. Onse awiri ndi a mtundu umene amati espag, wokhala ndi kamtanda ka 7mm kolowa mufelemu ya zenera. Pa la ana kamtandako kanali kataperepeseka. Anasintha zogwirira zonse ziwiri, chilichonse £22, mphindi zosakwana 20, atayeza kaye kutalika kwa kamtandako, chifukwa kakafupika sikafika ndipo kakatalika chogwirira sichikhala pansi. Zatsopanozo n'zoyera mbee pamene mafelemu athu anayamba kale kuchita chikasu, ndiye zimaonekera, koma zimenezo si vuto lawo. Za galasi la kukhitchini, limene lachita nthunzi pakati pa magalasi awiri, ananena mosabisa kuti si ntchito yawo. Anati chomata cha m'mphepete chinatha, chinyezi chikulowa, ndipo wa magalasi atha kusintha galasi lokhalo osachotsa felemu, ndisalole munthu kundigulitsa zenera lonse.

Zonse pamodzi tinalipira £344. Kwa banja ngati lathu, lotumizanso kangachepe kumudzi mwezi ndi mwezi, si ndalama yochepa, ndipo Januwale ndi mwezi wovuta kale. Lisiti anatumiza patatha sabata, nditachita kuwakumbutsa, koma pamenepo panalembedwa chitsimikizo cha miyezi 12 pa ntchito ndi zipangizo. Kwa amene mukukhala m'nyumba za lendi, musathamangire kulipira nokha ngati ife, amene nyumbayi ndi yathu: ku England kukonza zitseko zakunja ndi mazenera zikawonongeka ndi ukalamba kawirikawiri ndi udindo wa mwini nyumba, ndiye mulembereni uthenga chogwirira chikangoyamba kulimba, ndipo uthengawo muusunge.

Chitsimikizo chija tinachiyesa mu Julayi. Khomo lathu limayang'ana kum'mwera, dzuwa limaliwomba masana onse, ndipo pulasitiki ameneyu akatentha amafutukuka. Kwa masiku angapo chogwirira chimalimba chakumadzulo n'kufewa usiku. Ulendo uno palibe amene anakweza ndi manja awiri. Ndinaimba foni, iwo n'kundiuza kuti ndipukute chitseko ndi nsalu ya madzi ozizira ndidikire pang'ono ndisanakiye, ndipo zinathandizadi. Patatha masiku atatu anadutsa okha, anasuntha pang'ono kachitsulo kamodzi ka mufelemu, anapopera mafuta a silicone pa ngowe ndi pa chitsulo chachitali chija, n'kutikumbutsa kuti tizichita zimenezi kawiri pachaka ndipo m'bowo la kiyi tisamathiremo mafuta okhuthala chifukwa amasonkhanitsa fumbi. Sanalandire kalikonse, ngakhale tiyi amene ndinawaphikira anamwa ataimirira, akuti akuthamangira gogo wina ku Chapeltown amene zenera lake lakana kutseka.

Nambala yawo ndinaipereka kale kwa mabanja awiri a kumpingo. Limodzi linangotsala pang'ono kusayina zogula chitseko chatsopano, koma linangosinthitsa mahinjesi.