Thermostat ya 60°C ya injini ya boti: ikugwira bwino koma gasiketi yake ndiye ayi

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Thermostat payokha ilibe vuto, ikutseguka pa kutentha komwe analemba, nyenyezi imodziyo ndachotsera gasiketi (kotsekera mpata kuti madzi asadonthe) yomwe anaika m'paketimo.

Injini yanga ndi yopachika kumbuyo kwa boti ija, four stroke ya 60 hp. Thermostat yakale inali itakakamira chotsegula, timchenga ndi dzimbiri zinalowa pa valavu ndiye inkangokhala yasa madzi ozizira kumangodutsa nthawi zonse. Injini imachedwa kutentha, pa idle (ikamangolira osaipatsa moto) imagwedera, mapulagi anali bii ndi mwaye, komanso oyilo m'malo motsika amakwera pa dipstick (koyezera oyilo) kwinaku akununkha petulo. Injini ikamayenda yozizira petulo sapsa yense, wina amatsetserekera pansi kukasakanikirana ndi oyilo, ndipo chinyezi cha m'kati sichiuma, mwina mpaka oyilo kuoneka ngati mwathiramo mkaka.

Ambiri amaganiza kuti thermostat ntchito yake nkuziziritsa injini, koma zoziziritsazo zimachitika ndi madzi omwe impela (kagudumu ka mphira kokhala ndi mapiko) ikupopa kuchokera pansi pa mwendo wa injini, paja injini izi zilibe radiator, zimangokoka madzi omwewo mukuyendamo kuwazunguliritsa m'block kenako kuwataya. Thermostat imakhala pamwamba potulukira madziwo, imawagwira kaye kuti asathawe msanga mpaka injini itenthe bwino. M'kati mwake muli kachubu kodzaza phula, likatentha phulalo limafufuma nkukankha kapini valavu nkutseguka, madzi otentha atuluka ozizira alowa, kukazizira sipulingi ikankha kutsekanso. Palibe waya palibe magetsi, basi zimangotseguka ndi kutseka choncho ulendo wonse.

Ndisanaimange ndinaiyesa kaye. Ndinaimangirira kachingwe nkuilendeweretsa m'poto wa madzi pamoto kuti isakhudze pansi, thermometer ili momwemo. Madzi atangofika cha m'ma 60 inayamba kuyasama, pofika 70 inali itatseguka pafupifupi mamilimita 3, nditaivuula inatseka yokha mpaka kuyang'anira padzuwa kuwala sikumadutsa. Yakale ija m'poto yemweyo sinasunthe nkomwe. Kuyesaku musakunyalanyaze ngakhale ikhale yatsopano, chifukwa yokakamira chotseka ndiye yoopsa kwambiri, madzi satuluka, injini ipsa, alamu ilira ndipo ngati alamuyo ndi yakufa mudzangomva fungo la penti wopserera head (mutu wa injini) itapindika kale.

Ndipo musanamizidwe ndi timadzi tija timatuluka kumbuyo, tomwe timati injini ikukodza. Pa injini zambiri timadzi timeneti timapatuka tisanafike pa thermostat, ndiye tikungokuuzani kuti impela ikupopa basi. Injini itha kukodza bwinobwino thermostat ili chitsekere.

Chiimangireni injini ikutentha msanga, idle yakhazikika, oyilo nditasintha sakukweranso ndipo mapulagi atsopano akuoneka ofiirira bwino. Petulo nayenso ndikuona kuti akuchedwerako kutha. Ndikathamanga kwambiri kwa nthawi yaitali alamu sinalirepo.

Pali amakanika ena injini ikangotentha amathamangira kuchotsa thermostat nkuitaya ati imangovutitsa. Ine zimenezo sindigwirizana nazo olo pang'ono. Tsiku limenelo boti liyenda inde, koma mwangosinthanitsa vuto looneka ndi lina lodya injini mwakachetechete, ma ring ndi ma cylinder kutha msanga, kaboni kudzaza, petulo kumwa. Nthawi zambirinso chomwe chimatenthetsa injini si thermostat ayi, ndi impela yotha mapiko kapena pulasitiki ndi udzu zomwe zatseka timabowo tolowera madzi. Yambani mwaona kumeneko.

Wina anandifunsa bwanji osangoikamo ya galimoto poti zikufanana. Za galimoto zambiri zimatseguka kuyambira 80 kupita m'mwamba chifukwa m'menemo mumazungulira coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) wotsekeredwa. Injini yokoka madzi apanja amaisunga pa kutentha kotsika dala, makamaka ya m'madzi amchere, poti madziwo akatentha kwambiri mchere ndi laimu zimayamba kuundana m'tinjira ta madzi mpaka kutseka.

Tsopano gasiketi. Ndi yopyapyala zedi, bowo limodzi silimalunjika bwino pa bawuti, nditamanga madzi amadontha m'mbali mwa chivindikiro cha thermostat. Ndinachita kugula ina ya kampani yomwe inapanga injiniyo ndipo kudontha kunatheratu, ndiye ngati mukuitanitsa iyi itanitsiranitu gasiketi ina padera. Pomanga palani zotsalira za yakale pofika poyera koma osakanda aluminiyamu, mabawuti pakani tigirisi pang'ono ndipo musamange mwamphamvu, ulusi wa mu aluminiyamu (timizere tomwe bawuti imazungulira polowa) sumachedwa kutha ndipo bawuti ikadukira m'katimo ndi ntchito ina yaikulu.

Chinanso onani nambala yomwe anadinda pa thermostat yanu yakale kapena m'buku la injini musanagule. Ya 50 ndi ya 60 zimatha kufanana maonekedwe mpaka kulowa pamalo amodzi, ogulitsa ena sakuuzani, amangoona kukula kwake nkukupatsirani.