Kosi ya madzulo ya zithunzi za Cézanne ndi anzake: phindu lake lili ku Courtauld

Kosi imeneyi ndinaichita pa koleji ina ya anthu akuluakulu ku London, madzulo ndikaweruka kuntchito. Imakamba za akatswiri amene ankajambula zithunzi ndi utoto ku France m'zaka za m'ma 1880 ndi 1890, omwe amatchedwa post-impressionist: Cézanne, Seurat, Gauguin ndi Van Gogh.

Aphunzitsi athu, mayi achikulire olankhula mofatsa, nkhani yawo amaidziwa. Anayambira pa chionetsero cha zithunzi za akatswiriwa chomwe Roger Fry, Mngelezi wolemba za luso la zojambula, anakonza ku Grafton Galleries mu 1910, chimene anthu ambiri a ku London anachinyoza koopsa. Vuto linali chipinda chophunziriramo. Pulojekita yake ndi yotopa, makatani satseka bwino, ndiye chikasu cha Van Gogh chinkaoneka chosuluka. Munthu ungamve bwanji za utoto pamene utotowo sukuoneka?

Ndalama yanga inabwerera tsiku limene anatitengera ku Courtauld Gallery, malo osungirako zithunzi a ku Somerset House, mu London momwemo. Kumeneko kuli chithunzi chimene Van Gogh anadzijambula mu Januwale 1889, khutu litamangidwa bandeji, atangodzidula kumene ku Arles, mzinda wa ku France. Ukayandikira umaona kuti utoto anaupaka mokhuthala, burashi inasiya mizere ngati ya m'munda wolimidwa kumene. Cha Seurat cha mayi akudzola paudala nacho ndi timadontho tokhatokha, koma ukabwerera m'mbuyo pang'ono timadonthoto timalumikizana n'kukhala khungu la munthu. Pa chithunzi cha Cézanne cha phiri la Sainte-Victoire aphunzitsi anatiimika nthawi yaitali, kutionetsa momwe nthambi ya mtengo wa paini imatsatira msana wa phirilo, mpaka zapafupi ndi zakutali zikuoneka ngati zagundana. Pandekha sindikanaziona zimenezo.

Pa Gauguin pokha anandikhumudwitsa. Tinaima patsogolo pa chithunzi chake chotchedwa Nevermore, cha 1897, iwo n'kumangoyamikira mitundu ya utoto. Zoti bamboyu anapita ku chilumba cha Tahiti mu 1891, dziko lili m'manja mwa atsamunda a ku France, n'kumakhala ndi atsikana achichepere kwambiri, anazidutsa mothamanga mpaka mnzathu wina atachita kufunsa.

Fizi ndi yokwera ndithu, ndipo tikiti yolowera ku Courtauld umalipira padera. Musanalembetse, funsani kuti ndi maphunziro angati amene adzachitikire kumalo osungirako zithunzi. Akakhala ochepa, dzipitireni nokha ku National Gallery, mu London momwemo: kulowa ndi kwaulere, ndipo chithunzi cha mpendadzuwa cha Van Gogh cha 1888 chili komweko.