Nyumba ya Chamare ku Mua: ulendo woyenera kwa wofunsa kumene nzeru zimachokera

Amene akuyenda pa msewu wa M5 pakati pa Salima ndi Balaka angachite bwino kupatuka pafupi ndi Mtakataka n'kukwera kamtunda kopita ku Mua, m'boma la Dedza. Mishoni ya kumeneko inakhazikitsidwa ndi ansembe a chipani cha White Fathers mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni. Pamalopa pali osema ziboliboli, malo ogona alendo a Namalikhate, komanso nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, imene ndikufuna kuiunika pano.

Nyumbayi ili ndi zipinda zitatu. Choyamba chikufotokoza za kubwera kwa Chikhristu, ndipo chomaliza chikuonetsa miyambo ya Angoni ndi Ayao. Zonsezi n'zokonzedwa mwaudongo, koma mtima wa ulendo wonse uli m'chipinda chapakati, momwe muli nkhope mazanamazana za Gule Wamkulu, gule yemwe bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Musalowemo nokha ngati mukungodutsa pamsika. Pemphani wokutsogolerani, chifukwa popanda wofotokoza mudzangoona mitengo yosemedwa ndi nthenga, pamene chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndiponso mwambo wake.

Apa m'pamene funso la nzeru limadzutsidwa. Kwa eni gule, Chadzunda, Kasiyamaliro ndi anzawo ndi mizimu ya makolo imene imabwera kudzalangiza amoyo pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu, motero nzeru zimatsika kuchokera kwa amene anatsogola. Mkhristu amene wangochoka m'chipinda choyamba ali ndi yankho lina, loti kuopa Mulungu ndiko chiyambi cha nzeru. Koma munthu wosakhulupirira kuti kuli Mulungu kapena mizimu sadzatulukamo chimanjamanja, ndipo ineyo ndikuona kuti iye ndiye angathe kukhalitsamo kuposa onse. Ayang'anitsitse Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, kapena Maliya, amene dzina lake lenilenilo likuchitira umboni kuti anabadwa amishonale atafika kale. Zilombo zoterezi zikusonyeza kuti panali anthu ena m'mudzi amene anaona mlendo, namuyesa pa sikelo, napeza chomuseka ndi chomuopa, kenaka n'kuika phunzirolo m'gule kuti ana asadzaiwale. Wosakhulupirira adzati nzeru zimenezo n'zochokera m'maso ndi m'makutu a anthu basi, pamene mkulu wa kudambwe adzayankha kuti makolo ndiwo anatsegula masowo.

Chimene chimandichititsa chidwi kwambiri n'chakuti nthano ya Achewa ya chilengedwe imapatsa mbali zonse ziwiri poimira. Pa Kaphirintiwa, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere kufikira tsiku limene munthu anapekesa timitengo n'kupeza moto. Tchire linapsa, nyama zinathawa, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Luso loyamba la munthu, tsono, silinaperekedwe kuchokera kumwamba, koma linatuluka m'manja mwake. Komabe nthano yomweyo ikunena kuti lusolo linadza ndi imfa komanso udani. Kupeza moto n'kwina, kudziwa pouyatsa n'kwinanso, ndipo nthanoyi ikuoneka kuti ikusiya chachiwiricho m'manja mwa Chauta ndi makolo.

Mlendo adziwiretu kuti iyi ndi nyumba ya pamishoni, ndipo cholinga chake n'kuyanjanitsa chikhulupiriro cha mpingo ndi cha makolo, osati kuimira maganizo a osapembedza. Mfundo za anthu monga a George Thindwa, omwe kudzera m'bungwe la Association for Secular Humanism anamenyera nkhondo nkhalamba zoponyedwa m'ndende pa milandu ya ufiti, muyenera kubwera nazo nokha m'mutu. N'zofunika kutero, chifukwa si chilichonse chonenedwa m'dzina la makolo chimene chili nzeru, ndipo gogo woponyedwa miyala pomuganizira kuti walodza mdzukulu wake ndi mboni ya zimenezo. Pa kalembera wa 2018, anthu pafupifupi 2 pa 100 alionse m'Malawi anati alibe chipembedzo, choncho mlendo wotere si wachilendo monga ena amaganizira.

Ndikulimbikitsa aphunzitsi, ophunzira zaubusa ndi magulu a achinyamata kuti apiteko, makamaka ngati m'gulumo muli anthu osagwirizana maganizo. Fikani m'mawa kuti mukhale ndi nthawi yokwanira m'chipinda chapakati, muwachenjezeretu ana aang'ono kuti nkhope zina n'zoopsa, ndipo ngati m'gulu lanu muli olowa kudambwe, muwafunse kaye momwe akuonera zolowa m'chipindacho pamodzi ndi osameta.