Madala okonza mawailesi pa Ngabu, eriyo amachita kuyeza ndi tepi

Kawailesi kanga ka sola ana anathyola eriyo mwezi watha, ndiye ine ndi nzeru zangazi ndinangotenga waya wautali mwina mamita asanu nkumangirira pakachitsa kotsalako nkuponya padenga, ndimvekere waya ukatalika ndiye kuti ikoka bwino. Ayi ndithu. Zodiak imamveka ngati wina akukazinga chimanga, MBC kubwera kuchoka, koma masiteshoni aku Mozambique okha ndiye mbee ngati ali pakhonde pomwepa. Ndipo kuchigwa kuno wailesi si ya mpira wokha, amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023 tikudziwa kuti magetsi akazima netiweki nkuthawa, uthenga wa madzi umabwera ndi kawailesi komweka.

Mnzanga wa kabaza ndi amene anandilozera madala ena pamsika wa Ngabu. Shopu yake ilibe ndi dzina lomwe, ndi kabenchi chabe pansi pa shedi ya malata, mawailesi akufa ataunjikana kumbuyo. Atawona waya wangawo anaseka kaye, kenako amvekere "mphwanga, mumafuna kuyanikapo zovala kapena? Mumamvera kwambiri FM kapena SW?" Ndinati FM madala. Basi anatulutsa tepi ya atelala, nkuyeza waya wakopa wolimba masentimita 75, dulu.

Ine kufunsa kuti bwanji 75 osati 50 kapena mita yathunthu, eee ndinaputa sukulu. Akuti mafunde onse a wailesi amathamanga liwiro limodzi ndi kuwala, pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi, kaya ndi siteshoni iti. Manambala timasakasaka aja, 87.5 mpaka 108, ndi frequency, kutanthauza kuchuluka kwa mafunde odutsa pa sekondi imodzi, ndiye pa 100 MHz ndi mafunde 100 miliyoni. Anachita kulemba ndi msomali pansi, mamita 300 miliyoni kugawa ndi 100 miliyoni, yankho 3, ndiye kuti funde limodzi ndi lotalika mamita atatu, wavelength yake ndi imeneyo, ndipo eriyo yoimirira ngati yangayi imagwira bwino ikakhala kota ya utali umenewo. Kota ya mamita atatu ndi 75 uja. Anasankha 100 poti ili chapakatikati.

Chimene chinandilowetsa mmutu ndi chitsanzo chawo. Akuti taonani mayi ndi mwana akupita kumjigo limodzi, onse akafika nthawi imodzi koma mayi amaponda motalikitsa kangapo chabe pamene mwana ali phazi phazi pafupipafupi. Funde lalifupi ndi mwanayo, limabwera kambirimbiri ndipo lililonse limatenga kanthawi kochepa. Kanthawi ka funde limodziko ndiye period, pa 100 MHz ndi gawo limodzi mwa magawo 100 miliyoni a sekondi. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4, nditamufotokozera madzulo anangoti malume imeneyo ndi T = 1/f ya mu fizikisi, T ndi period, f ndi frequency, timangoloweza. Nanga ndiye madala a pabenchi akuposa kope bwanji.

Anandiwonetsanso pa wailesi ina yakale polembedwa 49m ndi 31m, ine zaka zonsezi ndimayesa ndi nambala za fakitale. Kani ndi utali wa mafunde a SW, shortwave ija, 49m ndi cha m'ma 6 MHz, ndipo amenewo amakagunda mlengalenga kutali nkubwerera pansi makamaka usiku, nchifukwa chake umatha kugwira mayiko akutali. Waya wanga wautali uja akuti ukanathandizako kumeneko. FM yokha imayenda molunjika, phiri likatchinga latchinga, ndipo ife tili kunsi kwa mapiri a Thyolo. Anandiuziratu kuti eriyo akonza koma phiri sangasunthe, zimenezo ndinazikonda chifukwa ena akanangolonjeza kuti igwira zonse.

Zodandaula zilipo. Ntchito ya mphindi khumi inatenga ola ndi theka, magetsi kunalibe ndiye chowotcherera amachita kutenthetsa pa mbaula, kuwonjezera nkhani zawozo, ine thukuta kamukamu ndi dzuwa la pa Ngabu pansi pa malata. Ngati muli pachangu musafunse funso lililonse. Risiti kulibe, ndinalipira K3,000 titanenerera pang'ono. Komanso wayayo sapindika kulowa mkati ngati eriyo yeniyeni, kale kale wakola chitenje cha mayi akunyumba kawiri.

Koma kumveka kokha ikumveka. Zodiak ili bwinobwino, Radio 1 chimodzimodzi, Radio 2 imafuna ndiyike wailesi pawindo nkupendeketsa waya pang'ono. Ndikubwereranso Loweruka ndi wailesi ya agogo yomwe inasiya kuyankhula chaka chatha, ulendo uno nditenga madzi akumwa.