Kupempherera pagulu kapena kuyendera pakhomo: mtsogoleri asankhe chiti?

Mkulu wa mpingo akamva kuti mkhristu wake ali pamavuto, tinene msodzi wa ku Makanjira amene mwera wamuswera bwato, ali ndi njira ziwiri. Atha kumutchula m'pemphero pamaso pa mpingo wonse Lamulungu, kapena kukakhala naye pakhonde, kumva kaye nkhani yake, kenako n'kugwada naye.

Ndalama: pagulu simutaya kobiri. Pakhomo pamafunika ya kabaza, ndipo simungafike chimanjamanja pomwe moto sunayake.

Nthawi: pagulu mphindi zochepa zakwana. Pakhomo masana onse amatha, dzuwa la Mangochi likukuotchani panjira.

Zotsatira: apa ndiye pali nkhani. Pemphero la pagulu limadzutsa ena, amayi a Mvano akamva amasonkha kaufa. Koma ikakhala nkhani ya banja kapena matenda, munthu amachita manyazi, mwina osabweranso kutchalitchi. Pakhomo m'pamene mumadziwa kuti chomusowetsa tulo si bwato ayi, koma ngongole ya ukonde, ndipo pemphero limalunjika pomwepo. Yesu yemwe, asanaukitse Lazaro, anayamba walira kaye (Yohane 11:35). Komanso kuno mabanja ambiri ndi osakanikirana, Akhristu ndi Asilamu, choncho achibale amene sangalowe m'tchalitchi amakuonani mwafika.

Pagulu pakuyenera mtsogoleri wa mpingo waukulu, pa zinthu zodziwika kale monga maliro kapena madzi osefukira. Pakhomo pakuyenera madikoni ndi atsogoleri a mphakati, ndipo ine ndili mbali imeneyi. Mukafuna kudzamutchulanso pagulu, mufunseni mwiniwake kaye.