Phukusi la zida za msilikali wa cohors ya kumpoto kwa Africa: malaya ali bwino, chishango chasokonekera

Ogulitsa zida zotsanzira za Aroma pa intaneti amakonda kumanga malaya achitsulo, chisoti, chishango ndi lupanga m'phukusi limodzi, n'kulembapo kuti ndi la msilikali wa ku Numidia kapena Mauretania, madera akale a kumpoto kwa Africa. Dzina limeneli likufunika kuliunika kaye musanaone chitsulocho.

Magulu a asilikali othandiza Aroma, otchedwa cohors, olembedwa kumpoto kwa Africa analipodi. Cohors II Flavia Numidarum inkakhala ku Dacia (Romania wa lero), pomwe Cohors I Ulpia Afrorum inali ku Egypt. Cohors wamba inkakhala ndi amuna pafupifupi 480 m'magawo 6 a anthu 80, ndipo yotchedwa equitata inkawonjezerapo apahatchi pafupifupi 120. Koma woyenda pansi wa m'magulu amenewa ankavala ngati mnzake wa ku Gaul kapena Thrace, madera a ku Ulaya. Amuna a tsitsi lopota, okwera hatchi zopanda chishalo, amene anasemedwa pa chipilala cha Trajan, mfumu ya Aroma, cha m'chaka cha 113, ndi apahatchi a Lusius Quietus, mkulu wa asilikali wochokera ku Mauretania, si cohors ayi. Choncho mukaona wogulitsa wakometsera phukusi ndi chikopa cha kambuku kuti lioneke la ku Africa, dziwani kuti wangoyambitsa yekha.

Chokoma kwambiri m'phukusili ndi malaya, bola musankhe mtundu woyenera. Aroma ankaluka mphete iliyonse m'mphete zinayi, mzere wina wa mphete zathunthu zobooledwa pa chitsulo chophwatalala, wina wa mphete zokhomedwa ndi kamsomali. Malaya otsanzira olukidwa chonchi amalimba ndipo amagwa bwino m'thupi. Otchipawo mphete zake amangozipinda nsonga n'kukumana, osakhoma. Amayamba kukanuka m'khwapa, chifukwa mkono ukakwera mizere imakokana pamenepo, ndipo mphete imodzi ikachoka zinzake zimatsatira. Funsani kukula kwa mphete: za mamilimita 6 mpaka 8 zimayandikira zenizeni, za 10 zimaoneka ngati ukonde.

Kulemera kwa malayawa kumakhala makilogalamu 8 mpaka 10. Mangani lamba m'chiuno, kenako kokerani malaya m'mwamba pang'ono kuti alendewere pa lambayo, apo ayi mtolo wonse utsamira pa mapewa. Poyeza chifuwa valani kaye chovala chochindikala cham'kati, n'kuwonjezera masentimita 10 kapena 15. Ambiri amayeza atangovala shati, malaya n'kudzakanirira m'mapewa povula. Malayawa amabwera atapakidwa girisi wonunkha, ndiye muyambe mwawapukuta bwino. Dzimbiri likagwira, aikeni m'thumba la mchenga wouma, gwedezani kwa mphindi zingapo, sasani, pakani mafuta opepuka. Musawasunge m'pepala lapulasitiki, chinyezi chimatsekereka momwemo. Opakidwa zinki sachita dzimbiri msanga, koma amawala mwachilendo ndipo amadetsa chovala.

Chishango ndiye chogwetsa ulesi. Kawirikawiri amaikamo cha makona anayi chokhota, chojambulidwa mapiko ndi mphezi, chimene ndi cha asilikali a legio, gulu lalikulu la asilikali omwe anali nzika za Roma. Wa cohors ankanyamula chophwatalala chozungulira ngati dzira, chogwirira chake chimodzi chopingasa kuseri kwa chitsulo chotukuka chapakati. Ngakhale pamene atumiza choyenera, zolakwika zimakhala zomwezomwezo: thabwa la mamilimita 12 lolemetsa dzanja, malamba a pamkono amene Aroma sankaika, ndi chitsulo chapakati chosazama moti zala zimakhula mukangofumbata. M'mphepete mukakhala mosakutira, thabwa limayamba kunyotsoka likamenyedwa kangapo. Chikopa chosafufuta chonyowetsedwa, chosokedwa mozungulira, chimauma n'kugwira zolimba.

Chisoti n'chapakatikati. Chimabwera chopanda kanthu m'kati, ndiye chimagwedera mpaka mutaikamo kapu yaubweya. Onaninso ngati chili ndi timphete pansi pa chotchinga khosi, podutsa chingwe chomanga zotchinga masaya.

Lupanga lizigwirizana ndi nyengo. Ngati mukuonetsa nthawi ya Trajan, woyenda pansi akhale ndi gladius yaifupi yopachika m'chiuno mbali ya kumanja. Spatha yaitali inali ya apahatchi, ndipo inafala kwa oyenda pansi, yopachika mbali ya kumanzere, chakumapeto kwa zaka za m'ma 100. Mkondo, umene unali chida chachikulu cha msilikaliyu, nthawi zambiri mulibe chifukwa ndi wovuta kutumiza.

Ena amaponyamo ka diploma kamkuwa ngati basela, kosonyeza unzika umene msilikali ankalandira akatha zaka 25. Kenikeni kanali mbale ziwiri zomangidwa ndi waya, zokhala ndi mayina a mboni 7. Kambale kamodzi ndi theka chabe.

Ngati wogulitsa akulola kugula chimodzichimodzi, tengani malaya okhomedwa ndi chisoti, chishango mukhometse padera.