Wodi yochilira pa kiliniki yathu ya m'komboni: azamba ndi odziwa ntchito, koma konzani chikwama

Kiliniki ya boma ya kuno kwathu ku Lusaka ndimapitako kawirikawiri kukatenga mankhwala a BP, koma ku wodi yochilira ndinali ndisanalowemo. Ana anga onse ndinachilira ku Katete. Chaka chino ndalowamo poperekeza mtsikana amene amachita lendi kuseri kwa nyumba yanga. Kwawo ndi ku Pweto, ku Congo. Anathawa nkhondo mu 2017, nthawi ija anthu ankawoloka malire kulowa ku Chiengi ndi ku Nchelenge, anakhalako ku msasa wa Mantapala, kenako anafika ku Lusaka ndi mwamuna wake. Kumene kuli mayi ake sakudziwa mpaka lero, ndiye umayiwo unagwera ine.

Tsiku loyamba sikelo ankanjenjemera pamzere, poopa kuti akasowa reji, chiphaso cha boma chija, amubweza. Mzamba anangofunsa dzina, zaka, ndi kuti mimba ndi yachingati. Atayankha kuti yachiwiri, kuti woyamba anabadwira m'thengo pothawa ndipo sanakhale moyo, mzambayo anaika cholembera pansi, n'kumuuza kuti, "Mwanawe, uyu tichilitsa ife. Usadzayese kudikira kunyumba." Anamuyeza BP ndi magazi, kuphatikizapo HIV, anamumwetsa Fansidar pomwepo akuona, anamupatsa mapiritsi owonjezera magazi ndi neti. Sitinalipire ngakhale ngwee. Boma linachotsa zolipira pa makiliniki, kumidzi mu 2006, m'matauni mu 2012, ndipo apa lamulolo likugwiradi ntchito.

Koma ulerewo uli ndi mchira wake. Anatipatsa mndandanda wa zogula: magulovu, Jik, pulasitiki yoyala pabedi, thonje, kopanira mchombo, ndowa, zitenje zingapo. Kwa munthu amene mwamuna wake amasenza katundu ku Soweto Market, zimenezi ndi ndalama ya ufa. Tinkagula kamodzikamodzi mwezi uliwonse. Mayi wina amene anafika chimanjamanja anathandizidwa ndithu, koma mawu amene anamva kaye, ine ndinachita kuyang'ana pansi.

Matenda anayamba pakati pa usiku, malaiti atathima. Kuwodi kunali azamba awiri okha, mabedi odzaza, ena pamatiresi pansi. Operekeza salowa, choncho ndinakhala pabenchi pafupi ndi windo, ndikumva zonse. Ululu utafika pachimake, Chinyanja chonse chinamuthawa mtsikanayo, anayamba kulira m'Chiswahili. Mzamba wamng'onoyo anakalipa kuti sakumva malangizo. Wamkuluyo, amene pambuyo pake anandiuza kuti anakulira ku Kitwe, anayesa Chibemba, ndipo ku Pweto Chibemba amachimva. Kuyambira pamenepo mawu ake anatsika, ndinangomva akumuuza nthawi yopuma ndi nthawi yokankha. Mwana analira kusanache, wamkazi.

Magazi anachuluka pang'ono atachira. Atandiitana kuti ndibweretse tiyi, ndinapeza mzambayo akusisita mimba mwamphamvu ndi dzanja limodzi, jakisoni atabaya kale, foni ya mnzake ikuwunikira. Anandiuza mosabisa kuti magaziwo akapanda kusiya, tikupita ku chipatala chachikulu cha UTH. Anasiya. Ukatswiri wa mayi amene uja sindingaukayikire, ndipo akanakhala anayi otere pa shifiti, bwenzi ndikulemba zina.

Zimene sindinakonde ndi zimbudzi. Pampopi panalibe madzi, tinkatunga mu dramu panja, munthu amene wangochira kumene n'kumayenda ndi ndowa mumdima. Mayi wina wofunika opaleshoni anadikira ambulansi nthawi yaitali kwambiri, achibale ake akungozungulira pageti. Komanso amatulutsa msanga chifukwa bedi likufunidwa: mwana atangolandira katemera wa TB wa BCG ndi madontho a poliyo, masana omwewo tinali pakhomo, atatiuza kuti tibwerere pakatha masiku 6 kenako milungu 6.

Kwa amene ali ndi pakati popanda vuto lililonse, ndinganene kuti pitani, makamaka mukayamba sikelo msanga kuti azamba akudziweni nkhope. Chikwama chikhale chomanga pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri, muikemo tochi ndi botolo lalikulu la madzi, ndipo nambala ya wa takisi wodalirika muisunge, chifukwa usiku minibasi simungaipeze.